Phiri la pabolodi silizizira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a m'sukulu za kumudzi, komanso makolo amene amatipatsa ana awo m'mawa uliwonse. Nkhani yanga ndi ya ulendo umene sunachitike, koma wandidyera kale miyezi isanu ndi itatu. Tikufuna kutenga ophunzira 24 a kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu, kuno ku Lisasadzi m'boma la Kasungu, kupita nawo ku mapiri a kumpoto, kukagona m'matenti ku Nyika n'kubwerera kudzera ku Livingstonia. Ena atamva adaseka, amvekere zogona m'matenti pamwamba pa phiri n'za azungu. Ine ndikukana. Umphawi ulipo, sindikuubisa, koma maulendo ambiri a sukulu zathu amafera pakamwa chifukwa palibe amene adakhala pansi ndi pensulo n'kuwerengera.

Amene mumayenda pamsewu wa M1 mvula ikatha mudaziona galimoto zija zooneka ngati mabokosi, za makatani m'mawindo, makwerero kumbuyo, zigubu ndi matayala zitamangidwa padenga. Nambala zake zimakhala za ku South Africa, Germany kapena Netherlands. Ana a kuno amazitcha nyumba zoyenda, ndipo sanama, pakuti eni ake amaphika momwemo, kusamba momwemo ndi kugona momwemo. Ena mwa iwo amakhala atanyamuka ku Cairo kulowera ku Cape Town, miyezi n'kumatha ali panjira. Zikadutsa pa Kasungu kuloza kumpoto, zambiri zimakhala zikupita kumalo amene ine ndimajambula ndi choko chaka ndi chaka: Viphya, Nyika, Livingstonia. Munthu wa kutsidya kwa nyanja akuidziwa njira ya ku Chelinda, pamene mwana wobadwira makilomita osakwana 500 kuchokera kumeneko amangoloweza dzinalo kuti akakhoze mayeso a MSCE.

Afunseni ana anga za Nyika, akuyankhani osapumira. Ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno, ya masikweya kilomita pafupifupi 3,200. Idakhazikitsidwa mu 1965, n'kukulitsidwa mu 1978. Nsonga yake yaitali ndi Nganda, mamita opitirira 2,600. Koma kwa mwana wa m'chidikha chathu chino cha fodya, kumene maso amafika kutali popanda chowatchinga kupatula phiri la Kasungu, mamita 2,600 ndi nambala chabe, yosasiyana ndi nambala ya foni. Mtsikana wina wa Fomu 3 adandifunsa tsiku lina: "Sala, ngati pamwamba pa phiri ndi pafupi ndi dzuwa, bwanji mukuti kumazizira?" Ndidamufotokozera za mpweya umene umanka nupepuka munthu akamakwera, ndi kuti pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Adalemba bwinobwino m'kope mwake, koma nkhope yake idaonetsa kuti walemba pongondilemekeza. Phiri la pabolodi silizizira. Funso lakelo lidzayankhidwa ndi khungu lake lomwe, m'bandakucha wa ku Chelinda.

Pokonza ulendowu ndidayamba ndi kudzifunsa kuti nyumba yoyenda ija n'chiyani kwenikweni. Mukaisenda ngati chinangwa, kuchotsa utoto ndi makatani, m'kati mutsala zinthu zinayi: pogona, pophikira, madzi ndi kuwala kwa usiku. Zonsezi mlimi wa fodya ali nazo kale, zangomwazikana pakhomo. Lole imene imatuta mabelo kupita ku msika wa Chinkhoma ili ndi tenti yaikulu yofunditsira katundu. Ziguduli zotsala pomanga mabelo zilipo. Mbaula, miphika ikuluikulu ya pamaliro ndi paukwati, zigubu za malita 20, matochi ndi timasola totchajira mafoni, palibe mudzi umene ulibe. Chimene alendo aja amatiposa nacho, kuwonjezera pa thumba lawo lolemera, ndi chizolowezi cholemba zonse asananyamuke: tigona pati, mafuta tithira pati, galimoto ikafa tiitana ndani. Chizolowezi chimenecho sichifuna pasipoti.

Funso loyamba lidali la nthawi. Nyika imakongola kwambiri m'nyengo ya mvula, makamaka Januwale ndi Febuluwale, pamene maluwa a mtundu wa chikande, amene kumeneko alipo mitundu yoposa 200, amachita kuyala m'madambo ndi m'zitunda. Koma walira mvula walira matope. Msewu wokwera kumeneko umaterera, ndipo nyengo imeneyo ana athu m'mawa ali m'kalasi, masana ali m'munda kapena m'chigafa kuthyola ndi kusoka fodya. Juni ndi Julayi msewu wauma, koma ndiyo miyezi imene madzi ogona panja ku Chelinda amatha kuundana, komanso ndi nthawi ya mayeso. Seputembala ndi Okutobala kukadakhala bwino, koma sukulu zimakhala zatsegulira. Watsala ndi Ogasiti: tchuthi, msewu wouma, chisanu chayamba kuchepa, makolo agulitsako mbewu, ndipo eni malole ayamba kusowa katundu chifukwa msika wa fodya ukupita kumapeto. Kalendala ya mlimi ndi ya sukulu zimagwirizana sabata ziwiri kapena zitatu zokha pachaka. Mukaziphonya, dikirani chaka chamawa.

Njira yake pamapu ndi yosavuta. Kuchoka pa Kasungu mumatsata M1 kudutsa Chatoloma, Nkhamenya ndi Jenda, n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya mpaka Chikangawa, kenako kutsetserekera mu Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 240. Tidzagona mumzindamo, m'kalasi ya sukulu ina imene aphunzitsi ake atilonjeza pansi pouma ndi mpopi. Tsiku lachiwiri tidzadutsa Ekwendeni ndi Enukweni, kupatuka pa M1, kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa n'kulowa pa boma la Rumphi. Kuchokera apo ndi Bolero, kenako chipata cha Thazima, ndipo kuchoka pachipatapo kukafika ku Chelinda ndi makilomita ena pafupifupi 60. Pamapu ndi kachidutswa kosakwana chala, koma onse amene adapitako akuti kuchoka pa Rumphi muwerengere maola anayi kapena asanu, ndipo musayerekeze kufika pachipata dzuwa litapendeka. Penapake msewuwo umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Zambia, chifukwa phirili n'la maiko awiri, ndipo mbali ya Zambia nayo ndi paki, yaing'ono, ya dzina lomwelo. Masiku awiri athunthu tidzakhala ku Chelinda, lachisanu tidzatsika, lachisanu ndi chimodzi tidzakhala ku Livingstonia, lachisanu ndi chiwiri kwathu.

Za lole tidakangana kwambiri mu komiti. Kunyamula anthu kumbuyo kwa lole pamsewu wa tala kwaliritsa midzi yambiri m'dziko muno: a kwaya, a mpira, operekeza maliro. Tidagwirizana kuti pa tala ana adzakwera basi ngati wina aliyense, pamene lole idzatsogola ndi katundu, mphunzitsi mmodzi ndi makaniko. Ana adzakwera lole kumene basi sizifika kokha, kumsewu wa fumbi kumene galimoto imayenda ngati ngolo, atakhala pa mabenchi omangidwa ndi mabawuti, osati pamwamba pa matumba, ndipo palibe wokhala m'mphepete. A dalaivala amene tagwirizana nawo, bambo wachikulire amene misewu ya kumpoto adaiyenda kwambiri, adaika malamulo awoawo: matayala apadera awiri, jeke, fosholo, chingwe chokokera, madzi a injini, ndiponso kuti mabuleki akaonedwe kutatsala sabata imodzi. "Kukwera phiri sikupha, aphunzitsi," adatero iwo. "Chimapha n'kutsika. Wotsika ndi buleki yokha amafika pansi buleki itapsa. Ife timatsika ndi giya."

Ku Chelinda kulibe pothira mafuta. Malo omaliza ndi pa Rumphi, ndipo m'masiku ano a mizere ya mafuta munthu wanzeru amadzaziratu thanki mu Mzuzu, osadalira kuti akapeza kutsogolo. Titawonkhetsa njira yonse, kupita, kuzungulira m'paki, kupatukira ku Livingstonia ndi kubwerera, tidapeza makilomita pafupifupi 1,100. A dalaivala akuti lole yawo imayenda makilomita 6 pa lita imodzi pa tala, koma paphiri mwina 4 okha, chifukwa mpweya wopepuka uja umafooketsanso injini monga momwe umachititsira munthu wefuwefu. Tidatenga 5, n'kupeza malita 220, n'kuwonjezerapo 30 a mwina. Masamu amenewa sindidawachite ndekha. Ndidawapereka kwa ana a Fomu 2 ngati ntchito ya m'kalasi, ndipo sindidawaonepo akulimbana ndi kugawa manambala mwachidwi chotero. Akudziwa kuti akalakwitsa, ndi iwo omwe adzakankhe.

Bajeti yathu sitidailembe m'makwacha. Amene adasunga ndalama mu Okutobala 2023 adadzuka mu Novembala atauzidwa kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ndipo phunziro limenelo tonse tidalimva. Ife tidailemba m'malita a dizilo, ndowa za ufa ndi matumba a soya. A gulupu adabwereka kalabu yathu ekala imodzi ndi theka, ana adalima soya Loweruka lililonse, ndipo tidakolola matumba 14 amene ali m'chipinda chokhoma cha a hedi. Amenewo ndiwo dizilo wathu. Mbande za mitengo zimene tidafesa m'machubu tidagulitsa kwa alimi a fodya, ndipo ndalama yake ndi ya chakudya. Ophunzira akale, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, asonkha pa gulu la WhatsApp kuthandizira matikiti a basi. Mwini lole, amene mwana wake adaphunzira pasukulu pathu, wati timuthirire mafuta ndi kusamala dalaivala basi. Talemberanso kalata ofesi ya zamaphunziro ya Central East Education Division pa Kasungu kupempha chilolezo, ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakuthengo kuti idziwiretu za gulu lathu. Ambiri sadziwa kuti Mmalawi amalipira zochepa kwambiri polowa m'paki poyerekeza ndi mlendo wakunja. Bungwe la WESM, limene limathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu, nalonso ndi khomo loyenera kugogodapo. Safunsa adadya phula.

Chimene chidandisowetsa tulo koposa si mafuta ayi, koma funso lakuti apite ndani. Maulendo a sukulu amene ndawaona amayenda motere: aphunzitsi amatchula mtengo, ana a eni maesiteti, a mabizinesi ndi a ife a pantchito amalipira, ena onse amaimirira pamsewu kubayibitsa. Pasukulu pathu pali ana a matenanti, amene makolo awo amadikira chaka chathunthu kuti bwana awerengere ngongole ya chimanga ndi feteleza asanaone ndalama m'manja. Ambiri mwa anawa ndiwo adagwira khasu kwambiri m'munda wa soya uja. Tidapanga lamulo lakuti mpando sugulidwa ndi ndalama. Tili ndi kaundula wa masiku amene aliyense adagwira ntchito m'munda ndi pa nazale, ndipo 24 oyamba, atsikana 12 ndi anyamata 12, ndiwo akwera. Kholo lina lopata lidabwera kuofesi ndi envelopu, kupempha kuti mwana wake alowe m'malo mwa wina. A hedi adalilandira mwaulemu, n'kulionetsa kaundulayo, n'kuliuza kuti envelopuyo ikhoza kugula mabulangete a ana amene alibe, koma mpando singagule. Lidapita litakwiya. Patatha sabata ziwiri lidatumiza mabulangete anayi.

Pamsonkhano wa makolo mafunso adagwa ngati matalala. Agogo ena adaimirira ndi ndodo yawo nati: "Aphunzitsi, mwati kumeneko kuli udzu wokhawokha, mitengo kulibe. Nanga udzu ife tausowa? Kudambo kuno suli mbwee?" Anthu adaseka, inenso ndidaseka, chifukwa funsolo n'lanzeru. Ndidawayankha kuti: "Agogo, udzu wa kuno udabwera ife titadula mitengo. Wa kumeneko udalipo makolo athu asanabadwe, ndipo pansi pake ndi pamene pamachokera mitsinje. Ana akaona awiriwa, adzadziwa kusiyanitsa dziko lometedwa ndi dziko lobadwa ndi dazi." Adagwedeza mutu, nati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kukhala pansi. Bambo wina adafunsa chifukwa chimene sitikungopita ku paki ya Kasungu imene ili pakhomo pompano. Tidapitako kale chaka chatha, ulendo wa tsiku limodzi mpaka ku damu la Lifupa, ndipo udali wabwino. Koma kumeneko ndi chidikha ngati kwathu, mitengo yake ndi misuku ndi miombo yomwe ana amaidziwa. Za mapiri sikungawaphunzitse.

Funso lolemera lidachokera kwa mayi wina amene adayankhula osaimirira: "Ana athu aakaziwa akagona kuti, ndipo akawayang'anira ndani?" Pamenepo phokoso lonse lidatha, chifukwa aliyense akudziwa nkhani za maulendo a sukulu amene adabwerako ndi misozi. Yankho lathu lidalembedwa papepala, ndipo kholo lililonse lili ndi kope. Tikupita aphunzitsi atatu, mmodzi wamkazi, pamodzi ndi amayi awiri osankhidwa ndi makolo eni ake. Atsikana adzagona ndi amayiwo m'tenti yawo, anyamata m'tenti ya lole yomwe tidzaikunge ndi mitengo yochokera kuno. Mphunzitsi wamwamuna saloledwa kufika ku tenti ya atsikana, usiku kapena usana. Maina adzaitanidwa katatu patsiku. Mowa, kwa mwana kapena wamkulu, ndi woletsedwa kuyambira pachipata cha sukulu mpaka tidzabwerere. Mayi uja adapempha kuti akhale mmodzi mwa awiriwo, ndipo makolo adamuvomera ndi nthungululu.

Tsopano za chisanu, mdani amene ana a kuno sakumudziwa. Kwathu kuno tili pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chelinda ili pa mamita pafupifupi 2,300. Usiku umene ife timati kwazizira, kumeneko kumakhala kutazizira ndi madigiri ena 8, mphepo osaiwerengera. Mwana aliyense atenga mabulangete awiri, juzi, chipewa chofika m'makutu ndi masokosi ogonera. Chisanu chambiri chimalowera pansi, choncho tidzayala pulasitiki, pamwamba pake ziguduli ziwiri, kenako mphasa. Lamulo limodzi ndalibwereza mpaka ana atopa nalo: mbaula salowa nayo m'tenti. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umagoneka munthu tulo tosadzuka. Chaka chilichonse m'nyengo yozizira timamva za mabanja opezeka atafa m'nyumba zotseka, mbaula ili pambali. Kuli bwino kunjenjemera mpaka kucha kusiyana n'kufunda kamodzi kokha.

Ngakhale ndiwo zafuna sayansi. Pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe mokwanira: m'malo mwa madigiri 100, ku Chelinda amabwadamuka pa madigiri pafupifupi 92. Ndiye kuti nyemba zimene kuno zimapsa m'maola awiri, kumeneko zikhoza kudya makala a tsiku lonse n'kukhalabe zolimba. Amayi aja atamva izi adaseka, nati akaona okha. Komabe tagwirizana kuti nyemba tizidzaziviika usiku wonse, ndipo ndiwo zodalirika zikhale usipa, masoya pisi ndi mfutso wotendera. M'mawa ndi tiyi ndi mbatata, panjira ndi mtedza wokazinga ndi chigumu. Nkhuni sititola m'paki. Makala titenga a mitengo ya bulugamu ya pasukulu, kuti kalabu ya zachilengedwe isapite kukaona nkhalango itasenza nkhalango ina m'matumba. Thermometer ya mu labu nayo ikwera nawo, kuti ana akaiviike okha mumphika n'kulemba zimene aona.

Akaona chiyani? Mbidzi, nchefu, chilembwe, mphoyo ndi njiri zikudya poyera, chifukwa kumeneko kulibe tchire lozibisa. Akambuku aliko ndithu, koma amayenda usiku, n'chifukwa chake palibe woyenda wapansi popanda mlonda wa paki. Kuli mbalame za mitundu yoposa 400. Kuli kanyanja ka Kaulime, kumene makolo a kumeneko ankapereka nsembe, mathithi a Chisanga, ndi thanthwe la Fingira limene lili ndi phanga la zojambula za anthu akalekale. Koma chimene ine ndikufunitsitsa kuti aone ndi timadambo ting'onoting'ono tonyowa, tosaoneka kanthu, kumene madzi amatuluka m'nthaka n'kuyamba ulendo. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe imabadwira pamenepo, ndipo Wovwe ndiwo umazungulitsa makina a magetsi m'boma la Karonga. Mwana amene adangoona mtsinje ukuuma mu Okutobala ayenera kuona kumene mtsinje umayambira, kuti amvetse kuti madzi ali ndi kwawo, ndipo kwawoko kukawonongeka mjigo wa kumunsi umakhosomola mpweya.

Phunziro lomweli liyambira pawindo la basi, pa Chikangawa. Nkhalango ya paini imeneyo, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idabzalidwa ndi cholinga chodzadyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene siidamangidwe, ndipo inkawerengedwa pakati pa nkhalango zobzalidwa zikuluzikulu mu Africa. Lero mbali yaikulu ndi zitsa, chifukwa cha macheka ndi moto. Ife a ku Kasungu tisaloze chala, pakuti miombo yathu idathera m'mabani ndi m'zigafa. Ndapatsa mwana aliyense pepala loti azilemba zimene akuona kuyambira pa Jenda mpaka Mzuzu: pamene pali mitengo, pamene pali zitsa, pamene abzala yatsopano.

Sindikufuna kuti anawa akabwere ndi nkhani yotsekemera yokhayokha. Pamene Nyika inkakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri, makamaka Aphoka, adasamutsidwa m'midzi ya makolo awo, kusiya minda ndi manda. Zidzukulu zawo zili m'mphepete mwa paki mpaka lero, ndipo ena amalowa mozemba kukatchera nyama kapena kukumba chikande, chimene anzathu a kumpoto amati chinaka. Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika, ndipo mu 2022 zina 263 zidabwera ku paki ya Kasungu. Ena mwa ana anga ali ndi abale kumalire a pakiyo, kumene minda yadyedwa ndipo mabanja ena alira maliro. Akakaima pamaso pa mlonda wa ku Chelinda, ndikufuna akamufunse mwaulemu koma mosaopa: paki ndi ya yani? Ndalama za pachipata zimafika bwanji kwa amene adasamutsidwa? Mwana amene waona kukongola kwa phiri ndi mtengo wake womwe ndiye adzatha kuweruza bwino akadzakhala mfumu, khansala kapena mlangizi.

Potsika tidzapatukira ku Livingstonia kudzera msewu wa ku Njakwa. Njira ya Gorodi, yokwera kuchokera ku Chitimba kunyanja, ili ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo a dalaivala anenetsa kuti lole yawo siikaponda kumeneko. Ana adzaiyendako wapansi makona awiri kapena atatu, kuti aone ndi maso chimene buku limatcha chiphedi cha chigwa chachikulu, nyanja ili tantha kumunsi. Adzaona mathithi a Manchewe, aatali kuposa onse m'Malawi, mamita pafupifupi 125, ndi nyumba ya miyala ya Dr Robert Laws imene tsopano ndi yosungiramo zakale. Laws ndi anzake adayambira ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, asanakwere phiri la Khondowe mu 1894 pothawa malungo a m'mbali mwa nyanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamwamba pa phiri limenelo padali kale madzi a m'mipopi ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi.

Koma chifukwa chenicheni chimene ndikupitira nawo kumeneko n'chakuti Livingstonia ndi mbiri ya Kasungu yomwe. Mishoni ya Chilanga idali pansi pa Livingstonia isanaperekedwe ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920, ndipo anyamata okhoza bwino a kuno ankatumizidwa kukapitiriza maphunziro ku Overtoun Institution ku Khondowe. Mmodzi mwa iwo adali Hanock Msokera Phiri, amalume a Dr Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pake adadzakhazikitsa mpingo wa AME kuno ku Kasungu mu 1924. Masiku amenewo kudalibe basi kapena lole ya fodya. Ulendo umene ife tikuuwerengera m'malita a dizilo, iwo ankauwerengera m'masiku a wapansi, kamba ali pamutu, zilombo zili m'tchire. Choncho wina akamati kupita ku mapiri a kumpoto n'kwa azungu, ndimamuuza kuti a ku Kasungu adayamba kukwera mapiri amenewo zaka zoposa 100 zapitazo, opanda nsapato, kufunafuna sukulu.

Ana ndawauzanso za khalidwe. Kuyambira pa Jenda kupita mtsogolo tidzakhala alendo pakati pa anthu oyankhula Chitumbuka, ndipo aliyense akuphunzira kupereka moni ndi kuthokoza m'chiyankhulo chimenecho kwa anzawo a m'kalasi ochokera ku Mzimba, amene kwa nthawi yoyamba asanduka aphunzitsi a anzawo. Zinyalala zathu zonse tibwerera nazo m'thumba. Duwa, nthenga kapena mwala wa m'paki sizikwera lole. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Tikufuna kuti sukulu ina ya ku Kasungu ikadzagogoda pachipata cha Thazima chaka chamawa, alonda adzaitsegulire akumwetulira.

Pomaliza, Akonzi, ndili ndi mapempho awiri kwa awerengi anu. Inu a ku Rumphi, Bolero ndi Hewe amene mumauyenda msewu wa ku Thazima, tilembereni kudzera patsamba lino momwe ulili chaka chino, milatho yake ndi malo amene lole ya matani atatu ingavutike. Mawu anu ndi odalirika kuposa mapu athu. Ndipo inu aphunzitsi a kumpoto, amene ana anu amaloweza za chidikha cha Kasungu ndi ulimi wa fodya osaonapo chigafa chotalika ngati bwalo la mpira kapena mizere ya mabelo pa Chinkhoma, bwerani nawo kuno. Epulo ndi Meyi ndiyo nthawi yake. Kalasi ya Fomu 1 ili ndi simenti yabwino pansi, mjigo uli pafupi, ndipo bulangete limodzi likukwanirani.

Mphunzitsi,
Lisasadzi, Kasungu